Desiki Imene Aliyense Ankaithawa

Tsiku limene mtsikana wina anagwa koyamba m'kalasi, ana makumi asanu anakanganirana chitseko chimodzi, ena anadumphira pawindo. Mtsikanayo anatsala yekha pasimenti, akuphiriphitha, thovu lili kukamwa, mutu ukugunda mwendo wa desiki. Atatsitsimuka anapeza diresi lanyowa, ndipo pawindo lililonse panali maso omuyang'ana. Analira, osati chifukwa cha ululu, koma manyazi.

Ana asukulu inu, khalani pansi mumve, chifukwa ena mwa inu mukanakhalapo mukanadumphira pawindo lomwelo.

Kunyumba ankamutcha Kachete, poti sankalankhulalankhula. Makolo ake onse anamwalira, ndipo ankaleredwa ndi malume ake, telala wosokera pakhonde la sitolo. Matenda ake anali khunyu. Mankhwala ankamwa tsiku lililonse, ndipo anachepetsa kugwako, koma sanakuthetse. Chaka chimenecho n'kuti ali m'kalasi yolemba mayeso omaliza a pulayimale.

Tsono anthu kumeneko ankakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wakhunyu, basi watengera. Bodza lamkunkhuniza! Koma mantha samva zimenezo. Desiki iliyonse ankakhalapo atatu mothinana, koma ya Kachete inatsala ndi iye yekha, kumbuyo kwenikweni. Ngakhale aphunzitsi, pochonga kope lake, ankatembenuza masamba ndi nsonga ya cholembera.

Makolo a ana ena anapita kukadandaula kwa ahedi. Ahediwo sanali munthu wankhanza ayi, anali wamantha chabe. Anaitanitsa telala uja.

“Akagwanso pasukulu pano, dzina lake ndilichotsa pa olemba mayeso,” anatero ahedi.

“Bwana, yatsala miyezi inayi yokha. Mwanayu alibe china koma sukuluyi,” anachonderera telala, chipewa chili m'manja.

“Ndanena ndanena, bambo. Makolo andipanikiza.”

Ndipo ahedi analamula monitala wa kalasi kuti Kachete akangogwa, azikanena msanga.

Monitalayo anali mtsikana wamtali, wa mawu ngati mwamuna, amene anzake ankamutcha Chibwereza chifukwa kalasi imeneyi ankaikhala kachitatu. Kusekedwa ankakudziwa bwino. Masana ena anapita pakhonde la sitolo paja n'kuima pafupi ndi makina osokera.

“Malume, Kachete akagwa mumatani?” anafunsa.

Telala anasiya kupalasa makina. “Umamugoneka cham'mbali, mwanawe. Pansi pa mutu uikepo chofewa. Usamupanikize, ndipo m'kamwa usaikemo kanthu. Zimatha zokha. Koma iwe sukuopa?”

“Ndikuopa,” anayankha Chibwereza. “Nanga inu zaka zonsezi mwatengera?”

Kachete anali ndi mwayi umodzi: matenda akamabwera ankayamba kumva kafungo ngati ka waya wopsa. Akangokamva ankakweza dzanja n'kupempha kupita kuchimbudzi. Chibwereza ankanyamuka naye, akuti kukaonetsetsa kuti asathawe sukulu. Ankathamangira m'kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, ndipo mmenemo Chibwereza ankavula juzi lake n'kulipinda pansi pa mutu wa mnzakeyo.

Zinachitika kasanu. Ndikukuuzani, miyezi imeneyo atsikana awiriwa sankapuma bwino. Kachete akangosuntha mphuno, mtima wa Chibwereza unkagunda ngati utuluka. Ahedi akamufunsa kuti, “Monitala, kulibe vuto?” ankanama kuti kulibe. Kachete naye ankalowa m'kalasi m'mawa uliwonse osadziwa ngati limenelo ndilo tsiku lake lomaliza. Koma sanajombepo.

Patatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe, chimene ankachiopa chija chinafika. Sukulu yonse inali pamizere m'mawa, ahedi akulengeza zinthu. Kafungo kanabwera mochedwa. Kachete anagwa pomwepo, pamaso pa aliyense.

Ana anabalalika ngati nkhuku zaona mphamba. Mphunzitsi wina anakuwa kuti, “Bweretsani supuni, aluma lilime!”

“Ayi aphunzitsi, mumuthyola mano!” anakuwa Chibwereza, atagwada kale. Anamugoneka cham'mbali, n'kupukuta thovu ndi dzanja lake lenilenilo. Mfuu inamveka pasukulu ponse.

“Choka pamenepo, iwe mwana!” anakalipa ahedi.

Chibwereza sanachoke. Anatembenukira kwa ahedi n'kulankhula.

“Ahedi, aka n'kachisanu ndi chimodzi. Kasanu konse ndinakubisirani. Ndinanama, ndilangeni. Koma dzanja ili linapukuta thovu kasanu konseko. Alipo anandionapo ine nditagwa?”



Musaganize kuti anamuombera m'manja. Ayi ndithu! Umonitala anamulanda tsiku lomwelo. Kunyumba mayi ake anamusambitsa dzanja ndi sopo katatu uku akulira kuti, “Ukufuna kudzipha wekha, mwana wanga?” Mawa lake desiki yake nayonso inathawidwa. Ndipo Kachete anachotsedwa pa olemba mayeso, nauzidwa kuti asalowenso pageti.

Pageti sanalowedi. Koma m'mawa uliwonse ankavala yunifolomu, n'kukakhala kunja kwa mpanda, pansi pa windo la kalasi yake, kope lili pamwendo. Aphunzitsi akamalankhula mkati, iye ankalemba kunja. Chibwereza ankawerenga mokweza zonse zolembedwa pabolodi, ngati munthu wovutika kuwerenga, pofuna kuti mnzakeyo amve.

Tsiku lachisanu ahedi anatuluka n'kuima kuseri kwa waya wa mpandawo.

“Ukutani pano? Sindinakuuze kuti uzikhala kunyumba?”

Kachete, amene sankayankha akuluakulu, anadzutsa mutu. “Munati ndisalowe, ahedi. Sindinalowe. Koma mayeso ndikufuna ndilembe.”

Ahedi anabwerera mu ofesi nkhope itagwa.

Panthawiyi telala anali atatseka makina ake n'kuyenda kuchipatala katatu konse, kupempha namwino amene ankapereka mankhwala a Kachete kuti akalankhule ndi makolo. Kawiri anamupeza ali ndi mzere wa odwala. Kachitatu namwinoyo anavomera.

Msonkhano unali wotentha. Bambo wina anaopseza kuti achotsa ana ake onse atatu. Namwino anafotokoza modekha kuti khunyu ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana, ngakhale pa thovu kapena pa mpweya. Anthu ankang'ung'udzabe. Amene anaimirira pamapeto anali mayi a Chibwereza.

“Ine ndakhala ndikumuyang'anitsitsa mwana wangayu milungu iwiri, tulo osagona,” anatero. “Palibe chasintha. Kudya n'komwe kuja, ndipo masamu akumuvutabe ngati kale.”

Anthu anaseka, ndipo kuseka kuja kunamasula mitima. Ahedi anaimirira n'kunena poyera kuti, “Mwana wandiposa kulimba mtima. Dzina la Kachete libwerera.”

Kachete analemba mayeso onse, ndipo anakhoza bwino kuposa aliyense m'kalasimo. Chibwereza naye anakhoza, mwapang'ono pokha, koma anakhoza. Atamva zotsatira anakhala pansi pamsewu n'kulira mokweza, anthu odutsa mpaka kuganiza kuti kwagwa zovuta. Lero Kachete ndi mphunzitsi wa sekondale. Mankhwala akumwabe, ndipo amawauza ana ake a m'kalasi za matenda ake tsiku loyamba lenileni, mosabisa.

Tsono iwe amene ukuwerenga, m'kalasi mwakomo muli wina amene onse akumusala. Ukumudziwa, usanamizire. Mwina ndi wodwala, mwina wachibwibwi, mwina wongobwera ndi malaya ong'ambika. Mantha udzakhala nawo, ndipo mwina udzataya anzako. Pita ukakhale naye pafupi uku ukunjenjemera choncho.

Ndipo ngati wosalidwayo ndiwe, mawa m'mawa vala yunifolomu yako upitenso. Usataye mtima, mwanawe, alipo amene adzagwada pambali pako.