Nsanza za a Delmar

Mukafunsa aliyense m'chigwa chathu cha Karns, kuno kumapiri a Pennsylvania, kuti a Delmar Kephart anaphapo nswala zingati pa moyo wawo, akuuzani kuti ziwiri. Kenako ayang'ana kumbali, atsokomola pang'ono, n'kuwonjezera kuti zonse ziwirizo anazigunda ndi basi ya ana asukulu. Ndi mfuti ayi, ngakhale imodzi.

Si kuti anali aulesi. Chiyambire kumera ndevu, a Delmar sanajombepo kumsasa wa alenje umene unali pamwamba pa phiri. Anakwatira a Lorna, mlongo wawo wa a Harlan Rishel, kapitawo wa msasawo, ndipo amayi a kutchalitchi amanena mpaka lero kuti a Lorna anakopeka poona kuti mnyamatayu sangaphe ngakhale ntchentche. Sankadziwa kuti akulosera. Fakitale ya njerwa imene a Delmar ankagwirako inatsekedwa, iwo n'kuyamba kuyendetsa basi, koma kumsasa ankapitabe. Ana anakula n'kusamukira ku Texas, kumene amaimba foni pa Khirisimasi pokha. Kumsasa ankapitabe.

Lamulo la msasa alidziwa ndi makanda omwe. Ukapha nswala, amaipachika pamtanda wa panja kuti aliyense aione, nyanga zake n'kuzikhomera pakhoma. Ukawombera n'kuphonya, anzako amakugwira, kapitawo n'kudula malaya ako kumbuyo, cham'munsi, chigambacho n'kuchikhomeranso pakhoma. Makoma atatu a msasa anali a nyanga. Lachinayi, loyandikana ndi mbaula, ankangoliti "kwa Delmar". Panali zigamba zofiira, zobiriwira, zamizeremizere, zina zitathetheka ndi utsi. A Lorna analeka kalekale kuwagulira amuna awo malaya a m'sitolo. Ankasankha pakaunjika wa kutchalitchi, ndipo chimene ankayang'ana si mtundu, koma kutalika.

A Delmar ankati vuto ndi mfuti. Inali sate-sate ya malemu bambo awo, yaifupi, yopepuka, yopanda galasi loonera patali, yoti umangolozetsa n'kukoka chala. M'manja mwa malemuwo inalera banja lonse ndi nyama. M'manja mwa mwana wawo akuti inatopa, chipolopolo chake chinkayenda ngati chikupita kumaliro.

Ndiye panali funso limene anayenda nalo zaka zambiri ngati mwana wa kumsana. Analifunsa kwa abusa, abusa n'kulonjeza kuwapempherera. Analifunsa kwa dokotala wa mano ali kukamwa yasa. Koma kwenikweni ankalifunsa kwa a Vern, ometa tsitsi, mnzawo wa kumsasa.

"Vern, undiuze zoona. Munthu wosaka nswala ngati ine, nditawonjezera mfuti yaikulu, ndingalakwe? Maginamu ija imagwira zonse. Nswala, chimbalangondo, ngakhale zinswala za ku Colorado zija, zokula ngati ng'ombe. Mfuti imodzi, nyama zonse."

"Ku Colorado unapitako liti iwe?" ankatero a Vern, sizasi ikulira. "Ku Pittsburgh komwe unasochera, tinachita kukutenga."

"Ndikunena za m'tsogolo."

"Waphonya zonse za kwanu, ndiye ukufuna ukaphonyenso za eni? Weramitsa mutu, Del, ndingakudule khutu. Kudulidwa malaya kwakwana."

A Delmar ankaseka nawo, n'kubwerera kunyumba funso lili chikhalire. A Lorna akafunsidwa ankangoti, "Mukudziwa ndinu." Pa zaka zonse za ukwati wawo sananenepo kuti vuto si mfuti, ndipo amayi a kutchalitchi amati chikondi chenicheni ndi chimenecho.

Mwina akanamwalira akufunsabe. Koma Lamulungu lina, pakhomo pa tchalitchi, a Harlan anawakokera pambali.

"Mlamu, phiri lija lagulitsidwa. Kampani ya matabwa yapatsa anthu okumba gasi. Atilola chaka chino chokha. Ikatha nyengo yosaka, msasa akugwetsa."

Kunena zoona, msasawo unali utayamba kale kudzigwetsa wokha. Kale anthu ankagona mpaka pansi pa tebulo. Tsopano anatsala anayi: a Harlan, a Vern, a Delmar, ndi a Orval, nkhalamba yogontha imene inasiya kumva ndi mabingu omwe. Pawindo pamene pankakhala zipolopolo pankandandalika mabotolo a mankhwala a mtima.

A Delmar anayenda mpaka pagalimoto. Ankaona tsiku lotsekera: aliyense akukanganula nyanga zake pakhoma kuti akazipachike kunyumba, azikaonetsa adzukulu. Nanga iwo adzanyamula chiyani? Sankafuna zambiri. Nswala imodzi yokha, ipachikidwe pamtanda uja, anthu anene kuti iyi ndi ya Delmar, msasa usanagwe.

Mlungu womwewo anabwera nayo maginamu. Inali yaitali, yolemera ngati chitsulo cha njanji, pamwamba pake pali galasi lonenepa. A Lorna ananyamula chipolopolo chimodzi patebulo, n'kuchiyerekeza ndi chala chawo chapakati.

"Delmar, nswala yake ndi iti yoti muiwombere ndi ichi? Itsalako yoti tiphike?"

"Mudzaona nokha," anatero a Delmar, akusisita mpope wa mfutiyo.

Anapita okha kukaiyesa kudzenje lakale la miyala, kuti pasakhale mboni. Anakhomera pepala pathabwa, anaika diso pafupi kwambiri ndi galasi monga achitira munthu amene sanagwirepo mfuti yagalasi, n'kukoka chala. Mfuti inawaponda paphewa ngati bulu, galasi n'kuwatema pamwamba pa nsidze. Atapukuta magazi anayesanso. Apo m'pamene anazindikira kuti maso awo ayamba kutsinzina okha chala chisanakoke. Kachitatu sanayese. Anaikulunga n'kubwerera, ndipo kunyumba anati awombedwa ndi chitseko cha galimoto.

Bodza limenelo silingayende m'chigwa muno. Bala looneka ngati mwezi wongokhala kumene, pamwamba pa diso lamanja, mwezi wa Novembala, aliyense amadziwa kuti ndi la galasi la mfuti.

"Chitseko chija n'champhamvu," anatero a Vern Lamulungu, nyimbo yoyamba isanayambe. "Chimaonera patali bwanji?"

Nyengo yosaka inatsegulidwa Lolemba lotsatira chikondwerero cha Kuthokoza cha kumapeto kwa Novembala, monga mwa nthawi zonse, sukulu zitatseka, chigwa chonse chitavala zofiirira zowala za alenje. Chipale chofewa chinali chitagwa pang'ono. A Delmar anakwera kumsasa ndi mfuti zonse ziwiri. M'mawa, akumwa khofi, a Harlan ananena zimene atatuwo anapangana.

"Mlamu, lero ukhala pamalo anga, pakhwawa paja. Ife atatu tizungulira kumtunda, tikuwingire nyama. Sitinyamula mfuti."

Pakhwawapo a Harlan anali asanalolepo munthu wina kuimapo, ngakhale mwana wawo. A Delmar anayang'ana m'kapu.

"Koma utenge ya bambo ako," anapitiriza a Harlan. "Pamenepo m'powirira. Nswala ikudutsa pamphuno penipeni. Chimzinga chakocho n'cha kuchidikha, kumene nyama umaionera kutsidya."

"Ndiye ndinagula mfuti kuti izilondera bedi?"

"Del, tamvera mlamu wako," anatero a Vern, ndipo ulendo uno sankaseka.

A Delmar anaima pakati pa mfuti ziwirizo. Yaing'onoyo inali ndi mlandu wa khoma lonse la nsanza. Yaikuluyo inali isanaphonyepo nswala ndi imodzi yomwe. Ananyamula yaikulu.

Anakhala pachitsa, zitsamba zitawazinga mbali zonse. Patali ankamva nkhalamba zitatu zikutsetsereka phiri, zikumenya mitengo ndi ndodo, a Orval akukuwa mopitirira muyezo chifukwa sankadzimva. Anthu a maondo otha, wina wa mtima wochita kusokedwa, akupunthwa m'miyala pa tsiku lawo lotsegulira lomaliza, chifukwa cha a Delmar.

Kenako tsamba linathyoka, ndipo inatulukira. Mphongo yeniyeni, khosi lonenepa, nyanga zanthambi ngati mtengo wouma. Inaima pafupi moti ankaona nthunzi ikutuluka m'mphuno mwake. Mwana akanaigenda ndi mwala. Ndi mfuti ya malemu bambo awo kukanakhala kungolozetsa basi.

Anakweza maginamu. Mpope unakola m'nthambi, anaukoka, nswala n'kutembenuza mutu. Anaika diso pagalasi, chapatali ndithu poopa bala lija, ndipo m'galasimo munangodzaza zotuwa. Galasi lopangidwira kuona nyama kutsidya kwa chigwa linkawaonetsa ubweya wokhawokha, osadziwika ngati ndi wa pakhosi, wa pambuyo, kapena ndi khungwa la mtengo. Phewa linakumbukira za kudzenje la miyala. Maso anatsinzina.

Phiri lonse linagwedezeka. Chipale chinayoyoka m'mitengo n'kuwathira m'khosi. Atatsegula maso anaona kamtengo ka paini, kaduka pakati, kakuwerama pang'onopang'ono ngati kakupepesa. Kupitirira apo, mchira woyera unkavinavina, kenako zii.

Kale, ndi sate-sate, munthu ukanatha kukana, n'kunena kuti anawombera ndi alenje a msasa wina. Maginamu ilibe chinsinsi. A Orval omwe anaimva. Akuti a Lorna nawonso anaimva ali kukhitchini kuchigwa, ndipo mayi woyandikana nawo nyumba amalumbira kuti dzulo lake anawaona akutulutsa ndiwo zakale m'firiji yaikulu, kukonza malo a nyama, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire.

Masana anakumana kumsasa. Mtanda wa panja unali wopanda kanthu. A Harlan anakhala pafupi ndi mbaula akusisita bondo, n'kuyamba kukamba za chipale, kuti chaka chino chafulumira. A Vern anavomera kuti chafulumiradi. Palibe anayang'ana khoma.

"Mpeni uli kuti?" anafunsa a Delmar.

"Zisiye, mlamu. Khoma lomwelo akuligwetsa."

"Ndawombera kapena sindinawombere?"

"Wawombera, Del. Ku Ohio amva."

"Nanga ndapha?"

A Harlan anangosisitabe bondo. Zaka zonsezi a Delmar ankathawa mozungulira tebulo, anzawo akuwathamangitsa, kuseka mpaka misozi. Ankayesa kuti chowawa ndi mpeni. Tsopano anaona kuti chowawa n'kuusiya m'chimake.

"Mwayamba kundimvera chisoni eti? Ndakhala mlendo pamsasa pano?" Anasolola malaya m'thalauza ndi dzanja lamanzere, poti lamanja linali litakana kukwera, n'kutembenuka. "Dula, Harlan."

A Harlan anaimirira, anatulutsa mpeni, n'kudula kachidutswa kochepa ngati tsamba.

"Dula bwino. Nswala ija inali yaikulu."

Anadula chigamba chachikulu, kufika pakati pa msana. A Vern anachikhomera pakhoma, pa kampata kotsala pafupi ndi denga, kenako anayesa mwayi.

"Koma mtengo uja waupha ndithu. Tikautenge tiupachike?"

Anaseka onse, kuseka kwa anthu otopa. A Orval anafunsa kuti akuseka chiyani, ndipo panalibe amene anali ndi mphamvu zobwereza.

Phewa linatupa, linada bii. Masiku otsala a nyengoyo a Delmar anawathera pambaula, akuphikira anzawo nyemba ndi dzanja limodzi. Tsiku lotsekera, a Harlan, a Vern ndi a Orval anadzaza magalimoto awo ndi nyanga. A Delmar anazula misomali yawo umodziumodzi, n'kulonga nsanza zonse m'thumba la mbatata. Anati sangasiyire anthu a gasi kuti aziseka, iwo sakudziwa n'komwe kuti n'chiyani.

Lero msewu wa kuphiri uli ndi geti ndi loko. Misasa ina ilipo, koma ndani angaitane munthu wa zaka zawozo, wa mbiri yawoyo? Mfuti ziwiri zaima m'kabati, yaifupi ndi yaitali, ngati munthu ndi mlamu wake. Loweruka lililonse amazitulutsa n'kuzipaka mafuta, ndipo nsanza zopukutira amatenga m'thumba lija. A Lorna akuti zikwana mpaka imfa, zina n'kutsalira adzukulu.

Kwa a Vern amapitabe, ngakhale tsitsi latsala la m'mbali mokha. Mwezi wathawu anthu anawamva akuti, "Vern, ndakhala ndikuganiza. Ija inachepa, iyi yakulitsa. Nanga patakhala yapakati?" A Vern anangowaweramitsa mutu, n'kupitiriza kumeta.

Pa tsiku lobadwa la a Delmar, a Lorna anawagulira malaya a m'sitolo, atsopano, a m'pepala, oyamba chiyambire ana ali aang'ono. Ndi abwino ndithu, abuluu, olekezera m'chiuno. A Delmar anathokoza, anawatembenuza, anayang'ana kumbuyo kwake nthawi yaitali. Akali m'pepala momwemo.