Agogo Oyimbira Mvula ku Coolock

Agogo oyandikana nafe nyumba kuno ku Coolock, m'dziko la azungu, kwawo ndi ku Rajasthan, dera la chipululu ku India. Madzi amawalemekeza ngati mlendo. Ngakhale otsukira mpunga sataya, amathirira maluwa. Mvula ikayamba, ife tikuthamangira kukaanula zovala, iwo amatuluka atafunda nsalu yofiira, n'kuyima pakhomo kumayimba m'Chimarwari, chilankhulo chakwawo. Akuti kumeneko mvula amayilandira ndi nyimbo, mmodzi kutsogolera, amayi ena kuvomera. Kuno amatsogolera okha, ndipo akafika poyenera kuvomera anzawo amakhala chete, kudikira.

Tsiku lina anakokera panja mdzukulu wawo wamkazi kuti avomere. Mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kuwauza m'Chingerezi kuti alowe, anthu akuwaona. Agogowo sanatsutse. Ine ndinali kumpanda, zovala zonyowa zili m'manja, ndipo sindinaseke, poti mwana wanga Vivian nayenso Chichewa amangomva, kuyankha ayi.

Asanalowe, agogowo anandiyang'ana, nati m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, "Mwananga, kwathu tinkayimba, mvula osabwera. Kuno ikugwa tsiku ndi tsiku, wovomera palibe."

Chiyambireni tsikulo, mvula amaionera pawindo.