Nambala ya Foni ya Nitai

Munthu asakunamizeni kuti Nitai Ghorui ndi wamisala. Onena zimenezo ku Howrah kuno ndi anthu oti sanadikirepo mwana. Nitai ndi uja amalemba manambala ndi maluwa kumbuyo kwa malole pafupi ndi mlatho, wamtima wapachala, penti mpaka m'makutu.

Mwana wake wamwamuna, Khokon, adakwera sitima yapamadzi kalekale, osabwerako. Chimene adapita nacho m'mutu ndi nambala ya foni ya bambo ake basi. N'chifukwa chake kafoni kong'aluka kaja kakangolira, Nitai amataya bulashi pansi.

Ndiye Mitali, mwana wake wamkazi, adapeza banja. Mayi a mnyamatayo, a Shefali Pal, adatengera nambalayo kwa wolosera za nyenyezi. Woloserayo adawonkhetsa manambala khumi onsewo n'kupeza 44. Folo ndi folo, eyiti: nambala ya Shani, mulungu mwini tsoka. Uthenga udabwera pamodzi ndi maswiti, woti Nitai asinthe nambala, apo ayi ukwati palibe.

Nitai adasowa pokhala. Kenaka adakumbuka kuti pa mphatso ya ukwati timawonjezera rupiya imodzi kuti isagawike pakati. Chosagawika ndi dalitso, eti? Adathamangira kwa a Pal kukalumbira kuti nambala yake ili m'gulu la zija zosagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula wani ndi iyo yomwe. Mayiwo adaseka, nati akatsimikiza zimenezo nkhani yatha.

Vuto n'lakuti mkuluyu adalumbira asanayese.

Adagula choko, nayamba kuigawa nambala ija. Thuu adakana, poti nambalayo imathera seveni. Fili adasiya chotsala. Seveni, 11, 13, zonse zotsala zokhazokha. Ankagawa pa zitseko za malole, pakhoma, pansi, tiyi akuzizira, ntchito itaima.

“Dada, lole yangayi yasanduka sukulu?” adafunsa dalaivala wina.

“Ikanakhala sukulu ukanathawa pakhomo, mbuli iwe. Choka, ukunditchinga.”

Pa 61 sipadatsale kanthu. Adabwereza, thukuta lili kamukamu. Ziro yemweyo.

Mitali adafika ndi mpunga wa masana n'kupeza bambo ake atangoti kakasi. Adayang'ana ziroyo, nawanong'oneza kuti afufute, palibe adzadziwe, ngakhale wolosera uja sangagawe mpaka pamenepo. Nitai adamuyankha kuti ukwati womanga pa bodza ndi penti yopaka pa dzimbiri. Adapita kwa a Pal osasamba n'komwe m'manja.

“Asewere, yagawika,” adatero ali chilili pakhomo. “Koma sindisintha. Khokon wanga alibe khomo lina logogodapo.”

Mayiwo sadamupatse mpando, ngakhale tiyi. Mlungu womwewo adabweza nsalu ndi mbale za chitomero.

Mitali amabwerabe ndi mpunga masana. Amauika pa chitini cha penti, n'kubwerera nthawi yomweyo. Nitai amadya ataimirira, akutukwana madalaivala oti sanamulakwire chilichonse.