Tinkati Tiwonge Akusala

Ndinadzuka tambala asanalire, pa mphasa panja, phulusa la moto wa pamaliro lili pa jekete langa. M'nyumba amayi a kwaya anali atasasa mawu, akuimba chapansipansi pafupi ndi bokosi la mwana wanga Tiwonge. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kunacha ndi mitambo komanso mphepo yozizira ya mu Juni. Anthu anafika pa njinga, ena wapansi, kuchokera m'midzi ya ku Magodi konse. Kuseri kwa khola amayi anasonkha moto natereka nyemba m'migolo. Ndinamva wina akunong'ona kuti ndi matenda aja. Mnzake anati ayi, mwanayo anali wa Mulungu, ankasala kudya.

Mawu amenewo ndinawayambitsa ndine. Amayi ake atamwalira zaka zisanu zapitazo, Tiwonge sanalire pamaso panga, sanapemphenso kanthu. Inenso ndinakhala chete, ndinathawira kutchalitchi ndi kumunda wa fodya. Akakankha mbale ankati, "Adada, ndikusala, ndikupemphera." Ndinkakondwa, mpaka ndinamutama pamaso pa mpingo. Sindinamufunse ngakhale kamodzi chimene chinkamupweteka. Kuchipatala cha kuboma, madzi atafika kale m'khosi, adokotala anandiuza kuti ndi matenda: mwana akasowa womutulira chisoni, nthawi zina amatseka pakamwa.

Masana tinanyamuka. Amuna onyamula bokosi anayang'anana, chifukwa linali lopepuka. Kumanda mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yake, kenako anatembenukira kwa atsikana a kwaya.

"Tengerani chitsanzo kwa mnzanuyu."

Atsikanawo anavomera ndi mitu.

Kwathu bambo wofedwa sayankhula kumanda, amamuyankhulira ena. Ine ndinaimirira.

"Abale, mwana wanga sankasala. Ankadwala, ine ndikumuwombera m'manja. Wanu akaleka kudya, khalani naye pansi mumufunse."

Palibe anati ameni. Mkulu uja anapinda pepala lake. Okumba manda anayamba kukwirira.

Ambiri anachoka osanditsanzika. Dzuwa likulowa mlongo wanga anasesa pabwalo, nyumba inangoti zii. Pakhonde panatsala bambo mmodzi wa mumpingo mwathu, wa ana aakazi atatu, akutembenuza chipewa m'manja.

"A Nyirenda," anatero, maso ali pansi, "kwa wanuyu zinayamba bwanji?"

Ndinawasendezera mpando, ndipo ndinayambira pa tsiku limene tinaika mkazi wanga.