Nester ndi Galimoto Yodwala M'mawa Mokha

Tsiku limene Nester anachotsedwa ntchito pa galaja ina ku Limbe, analira m'minibasi njira yonse mpaka kwawo ku Ndunde. Zaka zitatu anakhala akusesa, kutsuka zitsulo ndi kuliza magalimoto m'mamawa amakaniko asanafike. Mwini galaja anangoti mkazi sangamasule giyabokisi, malo ake n'kupatsa mphwake. Fomu 4 anali atalephera kale kawiri. Chomwe anabwera nacho kumudzi ndi kabokosi ka masipanala basi.

Anakhoma chikwangwani pamtengo wa m'mbali mwa msewu kuti amakonza galimoto. Miyezi inayi inatha akungomata machubu a njinga. Mayi ake anatopa nazo. Anamuuza kuti Julaye akatha osakonzako galimoto ngakhale imodzi, masipanala agulitsidwe, iye atsikire kudimba. Nester anavomera, koma mtima unamuwawa koopsa.

Kutatsala masabata awiri kunabwera a Bakali, amene amanyamula tomato ndi kabichi kupita nazo ku Limbe. Tisanamizane, sanabwere chifukwa chomukhulupirira. Anali atasowa kolowera. Galimoto yawo ya otomatiki inkati ikalizidwa m'chisanu cha m'mawa, giya inkachedwa kulowa, kenako n'kugunda mwamphamvu mpaka tomato kuphwanyika m'madengu. Amakaniko awiri a m'tauni anaiyendetsa n'kunena kuti ilibe vuto. Wachitatu anati agule giyabokisi ina.

Nester anafunsa kuti amakanikowo ankaiona nthawi yanji. A Bakali anati masana, akamaliza kutsitsa katundu.

"Ndiye ankaona galimoto yotentha, bambo. Mawa musailize. Ndidzaipeze ili chigonere."

Apa mpamene ndimamugomera mtsikanayu. Ntchito ija yonyozeka, yoliza magalimoto ozizira, inamuphunzitsa zimene mabwana ofika dzuwa litakwera sankazimva n'komwe.

Kutacha Nester anayenda wapansi m'chifunga kupita kwa a Bakali, zala zitauma ndi chisanu. Analiza injini, kuponda buleki, kuika giya pa D yoyendera kutsogolo, n'kuwerenga manambala chamumtima. Anafika pa folo, galimoto n'kugunda. Anaisiya itenthe, kenako anasolola kachitsulo koyezera oilo wa giyabokisi injini ikulira. Oilo amene amayenera kukhala wofiira ndi wopepuka anali wakuda bii, wolemera, wonunkha chopserera.

Atafunsa zomwe amathiramo akachepa, a Bakali analoza kachigubu ka oilo wa injini. Anati wotsala sataya.

"Oilo ndi oilo, chemwali. Kapena si choncho?"

Nester sanaseke, ngakhale ine ndikanaseka. Anawafotokozera mwaulemu kuti oilo wa injini kukazizira amalemera ngati uchi, sadutsa msanga m'tinjira ting'onoting'ono ta m'giyabokisi. Anawauzanso poyera kuti ngati zam'kati zinapsa kale, iye sangachite zozizwitsa.

Anakhetsa oilo yense, kutsuka sampu yosungira oiloyo kunsi, kusintha fyuluta yosefera, kumata paipi imene inkadontha, n'kuthira oilo wake weniweni wa giyabokisi. Patatha masiku anayi anakhetsanso n'kuthira wina, poti woipa satuluka ulendo umodzi. Masana a tsikulo galimoto inayenda mwamyaa. A Bakali anayamba kale kumutamanda kwa anthu odutsa, koma Nester anawaletsa.

"Masana inanamiza kale anthu atatu. Tidikire m'mawa."

M'mawa mwake kunazizira kuposa masiku onse. Mayi ake anamutsatira atafunda chitenje mpaka kumutu. Nester analiza injini n'kuika pa D. Giya inalowa mwakachetechete. Nester atatsika, a Bakali anaiyendetsa, galimoto n'kukwera chitunda ikusintha magiya bwinobwino, madengu osagwedezeka n'komwe.

Mayi aja anaima kanthawi akuyang'ana fumbi. Kenako anatola kabokosi ka masipanala, kukasenza pamutu, n'kuyamba kutsogola.

"Tiye, mwanawe. Amakaniko sanyamula okha katundu."

Lero madalaivala ochokera ku Mauwa ngakhale ku Magomero amasiya galimoto zawo kwa Nester kuti zigone, iye azimve kukacha. Inu amene mwapatsidwa masiku owerengeka kuti musiye chimene mumachidziwa, gwirani ntchito mpaka tsiku lomalizalo. Musagulitse zida zanu mwezi usanathe. Limbani mtima, osabwerera m'mbuyo.