Utsi wa mu Kamera

Abambo anasiya kupita kubwalo la mpira chaka chimene anagwa m'munda wa fodya. Sitiroko inawaumitsa mkono ndi mwendo wakumanzere, pakamwa panapotoka pang'ono, ndipo shuga amene anali naye kuyambira kale anayamba kuwadya maso pang'onopang'ono. Ine ndine mwana wawo woyamba, wamkazi. Banja langa litatha ndinabwerera pakhomo n'kumagulitsa kaunjika pa Nsaru, ndiye ntchito yowasamala inali yanga ndi amayi.

Pa unyamata wawo abambo anali nambala seveni wa timu ya m'mudzi mwathu. Anzawo amene adakali moyo amati munthuyo akautenga mpira ankathamanga atapendeka phewa limodzi ngati wanyamula ndowa yodzaza, koma kumugwira ayi. Mlongo wanga, mnyamata chitsirizira m'nyumba mwathu, analowa m'timu yomweyo abambo atadwala kale, ndipo anamupatsa jeze ya nambala yomweyo. Loweruka lililonse anthu pochokera kubwalo ankafuula ali panjira: "Achikulire, mwana uja ndi inu ndithu! Mpaka phewa lija!" Abambo ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Mwana wawoyo anali asanamuonepo akusewera atavala jeze ija.

Tinayesa zoti tiwatengere kubwalo pa ngolo. Anakana tisanamange n'komwe ng'ombe. "Anthu amene anandiona ndikuthamanga," anatero, "andione lero ndikutsitsidwa pa ngolo ngati thumba la feteleza? Toto." Ine ndinakalipa, amayi anachonderera, koma munthu uja akati toto ndi toto. Ndiye ndinati chabwino, poti iwo akana kupita kumpira, mpirawo ndiubweretsa m'nyumba.

Ndinayamba ndi foni yanga. Osewera ankaoneka ngati nyerere pa mphasa, mpira wosaoneka n'komwe. Abambo anaiyandikiza kumaso, n'kundibwezera. Masiku omwewo nesi wa kuchipatala ku Namitete anali atanditengera pambali n'kundiuza kuti maso a abambo sadzabwerera m'mbuyo, akungopita. Sindinauze amayi kapena mlongo wanga, ndipo mantha amenewo ndinkayenda nawo ndekha. Ndinagulitsa katundu wanga motchipa kuti athe msanga, n'kukwera minibasi ya m'tauni kukafuna kamera ya kanema.

Wogulitsa anandiikira makamera atatu pa kauntala. Yoyamba inali yaing'ono ngati bokosi la machesi. Anati imeneyo anthu amaimangirira pa chipewa akamathamanga pa njinga yamoto, imaona ponseponse koma sikokera chinthu pafupi. Yachiwiri inali yakale, yolemera, yokandikakandika m'mbali, yoti wina anaigwiritsapo ntchito. Yachitatu inali yatsopano, m'bokosi lonyezimira lolembedwa manambala akuluakulu. "Iyi, mayi," anatero wogulitsayo, "munthu ali ku Njewa inu muli muno, mumukoka mpaka kumuwerenga mano." Ine wogulitsa kaunjika, amene ndimadziwa kuti malaya olimba sakhala pamwamba pa belo, ndinatenga ya m'bokosi lonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Loweruka lotsatira ndinaima nayo m'mbali mwa bwalo. Ndikangoti ndikokere mlongo wanga pafupi, chithunzi chinkasungunuka, nkhope n'kusanduka timabokosi. Ndikatembenuka kutsatira mpira, mitengo ya golo inkapindika ngati ikuvina. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina vuto ndi kagalasi kakang'ono koonerapo, pa TV zidzaoneka bwino.

TV tinabwereka kwa mwini vidiyo shoo wa pamsika, pamodzi ndi batire lake la sola. Masana amenewo tinatchinga mawindo ndi zitenje, n'kukhazika abambo pampando wawo. Anayang'ana nthawi ndithu.

"Ndikuona utsi wokhawokha, mwananga. Kodi ankatentha tchire kumeneko?"

Sananame. Nanenso ndinkaona utsi womwewo. Kenaka analoza pakona ya TV, pamene kamera inalemba tsiku ndi timanambala ting'onoting'ono. "Ndipo tsiku lakolo ndi lolakwika. Kamera yako ikuganiza kuti tili mu Januwale." Tonse tinaseka. Ine ndinasekera china, chakuti timanambala tija anatha kutiwerenga. Ndinati nthawi ilipo.

Ku Namitete kuli bambo wina wojambula maukwati, ndiye ndinamutengera kamera ija. Anaitembenuza kamodzi, n'kundifunsa ngati ndinamva chilichonse chikuyenda m'kati ndikamakoka. Ndinati ayi. Anati ndiye vuto lake limenelo. Kamera yeniyeni ikamakoka, magalasi amayenda m'kati mwake. Iyi imangokulitsa chithunzi chomwecho, ngati kuthira madzi mu tiyi kuti akwane anthu ambiri. Anati manambala a pabokosi ndi onamizira anthu ngati ine, ndipo ikanakhala ya ukwati bwenzi ikuyesako, poti mkwatibwi sathamanga. Ndinamuuza za yakale yokandikakandika ija. Anati, "Imeneyo ndiye munaisiyiranji?"

Ndinabwerera m'tauni mtima uli m'mwamba. Wogulitsa uja anati katundu akatuluka sabwerera, ndipo bwana wake anachokapo. Ndinapitanso sabata yotsatira, bwana kulibebe. Ulendo wachitatu ndinakhala pa khomo la sitolo, kamera pa miyendo, n'kumauza aliyense wolowa zimene bokosi lonyezimira linandichita. Pakamwa panga ndimapadziwa ndekha. Dzuwa lisanapendeke bwana uja anapezeka, ndipo ndinatuluka ndi yakale ija nditawonjezerapo kangachepe. Pofika kumudzi ndinamva kuti kwagwa maliro kutsidya kwa dambo. Kwathu maliro akagwa mpira suseweredwa, ndiye Loweruka limenelo linapitanso chabe.

Kamera yakale inkakoka bwino ndithu, magalasi n'kumamveka akuyenda. Koma nayo inali ndi matenda ake. Tsiku loyamba inkajambula pang'ono n'kuima yokha, kalembo kofiira kakuthwanima. Wa maukwati uja anati khadi yosungira zithunzi imene ndinagula pamsika ndi yaulesi, siitha kulandira kanema wothamanga, ndigule ina. Ndinagula. Loweruka lina batire linafa chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndipo zigoli zonse zinabwera kamera ili m'chikwama. Ndinakhala pa udzu misozi ili m'maso, azimayi ogulitsa nzimbe n'kumaganiza kuti ndikulirira timu.

Ndiye panali anthu. Kubwalo kwathu kulibe mpanda kapena chingwe. Ochemerera amayamba ataima kunja kwa mzere, mpira ukamakoma n'kumasendera m'kati, mpaka woyimbira kuimitsa masewero kuti awabweze. Munthu akadutsa kutsogolo kwanga, kamera inkasiya osewera n'kuyang'ana iyeyo. Ndili ndi kanema woyera bwino wa khosi la bambo wina wa chipewa chobiriwira, pamene kumbuyo kwake, mosaoneka, mlongo wanga akudyetsa anthu njomba. Ndipo chigoli chikalowa, mudzi wonse umathamangira m'bwalo, ana, azimayi ndi ana kumbuyo, madala ndi ndodo zawo. Tsiku lina mlongo wanga anagoletsa ndili pamalo abwino, batire lodzaza. Khamu linandikokolola. Kamera inajambula thambo, fumbi, ndi patapata wa munthu wina.

Zonsezi abambo sindinkawaonetsa. Ndinkati utsi wina ayi, ndidzawaonetsa chinthu chenicheni. Iwo ankangofunsa Loweruka madzulo, "Kodi lero yagwira?" Ine n'kuti yatsala pang'ono. Koma pakhomo ndinkaona zinthu zimene sindinkafuna kuziona. Ankapapasa pofuna kapu ya tiyi. Tsiku lina ndinalowa m'nyumba nditavala chitenje cha amayi, n'kundilankhula ngati ndine amayi mpaka nditayankha. Ndinatuluka n'kukatukwana nkhuku zosalakwa.

Wa maukwati uja anatopa nane, koma anandiphunzitsa. Anandionetsa pamene pali kachithunzi ka munthu wothamanga, n'kuti ndiziika pamenepo kuti miyendo ya osewera isamasungunuke. Anandionetsa momwe ndingaitsekere kuti iziyang'ana patali pokha, wodutsa kutsogolo adutse. Anati ndisamakoke mpaka kumapeto chifukwa dzanja limanjenjemera, dzuwa lizikhala kumsana kwanga, ndipo pa nthawi yopuma ndiziizimitsa. Anandibwereka batire lachiwiri. Miyendo yoikapo kamera analibe yapadera, ndiye mlongo wanga anandidulira mphanda ya bulugamu. Kuseri kwa golo yakumadzulo kuli chulu chachikulu. Ndinakazika mphanda ija pamwamba pake, kutali ndi khamu, kamera nditaikulunga m'jumbo kuopa fumbi. Anyamata ankandikuwiza, "Mayi a pa TV! Tijambuleniko ndife!" Ndinkawayankha zoti sindingalembe pano.

Mpira womaliza chaka chimenecho unali wa timu yathu ndi ina yochokera cha ku Kabudula. Mvula inali itayamba kuopseza, anthu maganizo ali kale ku nazale za fodya, ndipo tonse tinkadziwa kuti ukatha umenewu bwalo limera udzu mpaka chaka chamawa. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Ndinazimitsa kamera, n'kusintha batire.

Chakumapeto kwa chigawo chachiwiri mpira unamupeza mlongo wanga pafupi ndi mzere. Anagwetsa phewa lija. Anadutsa woyamba, wachiwiri anakhala pansi yekha, n'kulowera m'kati molunjika chulu changa. Ndinaluma mlomo kuti ndisafuule, chifukwa ndikafuula kamera imagwedezeka. Anaumenya ndi mwendo wamanja, goloboyi n'kugwera mbali ina. Mudzi wonse unakhuthukira m'bwalo, koma ulendo uno ine ndinali pamwamba. Fumbi litachepa ndinabweza kanema uja pa kagalasi. Zonse zinalimo. Nambala seveni inkaoneka, mpaka pamene amayi anasoka jeze itang'ambika paphewa. Ndinatsika pa chulu chija.

M'mawa mwake, titaweruka kutchalitchi, tinabwerekanso TV ija. Tinatchinga mawindo. Mlongo wanga anasendeza mpando wa abambo pafupi kwambiri, iye n'kugwada pambali pawo. Amayi anakhala pa mphasa. Ndinalumikiza mawaya, ndipo bwalo lathu linatulukira pa galasi loyera ngati ukuliona pawindo, udzu, mizere ya phulusa, majeze athu achikasu ndi a alendo abuluu. Ndinapumira m'mwamba, n'kutembenuka kuti ndione nkhope ya abambo.

Anatsinzinira maso, n'kusendeza mutu kutsogolo.

"Kamera yako ija sinachirebe, eti? Utsi uja udakalipo."

Amayi anayang'ana TV, n'kuyang'ana ine, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti zimene ndinkabisa azidziwa. Pakona ya galasi panali timanambala ta tsiku tija, ulendo uno tolondola. Abambo sanatitchule. Ndinakumbuka masabata a m'tauni, khadi yaulesi, batire, khosi la bambo wa chipewa chobiriwira, ndipo ndinafuna kunyamula kamera ija n'kuimenyetsa kukhoma.

"Ndi fumbi, bambo," ndinatero. "Kamera imeneyi imavuta ndi fumbi."

"Usadandaule, mwananga. Wayesetsa."

Kanema anafika pa chigawo chachiwiri. Phokoso la ochemerera linayamba kukwera, ndipo abambo analimva. Anakweza dzanja lawo labwino n'kugunditsa chala pagalasi.

"Koma uyu ndamuona. Uyu! Taonani kathamangidwe kake. Ameneyu palibe angandiuze."

Chala chawo chinali pa mnyamata wamtali wa jeze yabuluu, wotchinga kumbuyo wa timu ya ku Kabudula, amene ankathamangira kukatseka. Mlongo wanga anali mbali ina ya galasi, mpira uli kumapazi, phewa lili pansi, nambala seveni ili poyera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze. Mlongo wanga anandigwira mwendo.

"Eya, bambo," anatero. "Ndine ameneyo."

Abambo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri. Chala chawo chinatsatira mwana wa eni uja mpaka khamu linadzaza galasi lonse. Kenaka anapapasa n'kupeza mutu wa mlongo wanga, n'kuugwira.

"Tabweza, mwananga," anandiuza. "Ndimuonenso."

Ndinabweza.