Azakhali anakachonga ku Woolwich

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anaphunzitsa Sitandade 5 zaka zambiri kumudzi asanabwere ku London kudzasamalira okalamba. Koma uphunzitsiwo sunawachoke. Ndikamata kapepala pafiriji kuti mkaka watha, ndinkakapeza atakakonza ndi bolopeni yofiira. Tinkakhala awiri mufulati ina ku Woolwich, ine ndikugwira unamwino kuchipatala.

Chaka china kunabwera chisankho cha meya wa London pamodzi ndi aphungu oyang'anira ntchito zake. M'pamene ndinatulukira kuti azakhali, ndi imvi zawozo, anali asanavotepo chibadwire. Kumudzi anachokako nthawi ya chipani chimodzi. Kuno, mafomu a khonsolo olembetsera mayina akabwera, ankawaponya m'bini.

"Zimenezo n'za eni dziko," anatero.

"Eni dziko ati? Amalawi timaloledwa, azakhali! Zaka zonsezi mwakhala mukutaya voti yanu pamodzi ndi makoko a nthochi?"

Ndinawalembetsa ndine, ndikulalata. Khadi yawo yovotera itafika, anaiika m'Baibulo.

Ha, kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalibe mtendere. Timapepala ta kampeni tonse tolowa pakhomo ankatiwerenga atavala magalasi, n'kumapereka mamalikisi. Uyu salemba bwino. Uyu akulonjeza zambiri, ndi wabodza. Wina anamukana chifukwa cha tayi. Pomaliza anasankha yemwe ankalankhula zomveka pa nkhani ya mabasi, poti iwo ankakwera awiri popita kuntchito, ndipo mawondo anali atayamba kuvuta.

Lachinayi la chisankho tonse tinali pa ofu. Anavala diresi la kutchalitchi, duku, ndi nsapato zija zinkawaluma. Povotera panali pasukulu ya pulayimale, kuseri kwa msika. Tili m'njira anandifunsa kuti, "Ndiye ukalowa umatani?"

Ine ndinali ndi njala, mtima uli pa nsomba zomwe ndinkafuna kukagula. Ndinangoti, "N'zosavuta. Mungochonga yemwe mukumufuna, basi."

Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero. Kwathu timati kuchonga ngakhale tikunena chizindikiro china chilichonse. Kuno papepala amafuna X pa dzina la munthu amene wamusankha. Zinalembedwa pamwamba penipeni, koma magalasi azakhali anawaiwala pa tebulo, pambali pa Baibulo lija.

Mkati munalibe mzere, munalibe wapolisi, munalibe ngakhale wotiyang'ana kawiri. Amayi ena anatifunsa dzina ndi adiresi, n'kutipatsa mapepala. Azakhali anakhumudwa pang'ono kuti palibe anawafunsa pasipoti, poti anali ataitenga. Ine ndinamaliza msangamsanga. Iwo anakhalitsa m'kachipindako, kapensulo ka pachingwe kakungomveka kwe, kwe, kwe. Anatuluka ali ndwii, n'kuponya mapepalawo m'bokosi ndi manja awiri.

Kenako anatambasula chala kwa bambo woyang'anira bokosi uja. Bamboyo anayang'ana chalacho, n'kuyang'ana ine.

"Kuno sanyika mu inki, azakhali. Tiyeni."

"Nanga anthu adziwa bwanji kuti ndavota?"

Panja ndinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka. Tinagula nsomba zija, tinagulanso mapulanteni, nthochi zikuluzikulu zophika, kwa mayi wa ku Ghana yemwe anauzidwa nkhani yonse osaifunsa. Tili pa siteji ya basi ndinati, "Koma munachedwatu. Mumalemba kalata?"

"Iwe, mayina anali ambiri! Wanga uja ndinamuchonga bwinobwino. Enawo ndinawathetha onse, mmodzimmodzi. Wa tayi uja ndinamuthetha kawiri."

Mayo ine. Kwa mphunzitsi X ndi kuthetha, kutanthauza kuti walakwa. Azakhali anali atalemba X pa dzina lililonse kupatula la munthu wawo, pa mapepala onse. Ndinadziwa pompo kuti owerenga mavoti akangoona zimenezo aziika pambali ngati zowonongeka. Ndipo wolakwa ndinali ine, ndi kamwa langa lofulumirali.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Iwo n'kuti akufunafuna m'chikwama khadi yoimbira foni kumudzi, nkhope ili ngwee ngati mwana wakhoza mayeso.

"Ndiwauze achemwali ako aakulu," anatero. "Amve kuti nanenso ndasankhako munthu ndisanafe."

Ndinatseka pakamwa panga. Basi inabwera, tinakwera.

Amene anapambana sindinenapo, si nkhani yake. Ndinkadziuza kuti chisankho china chikamayandikira ndidzawakhazika pansi, ndidzawajambulira X wamkulu ndi bolopeni yawo yomwe, tidzaseka. Koma ululu wa mawondo aja unakula, nyengo yozizira inawatopetsa, ndipo chisanafike chisankho chinacho anapakira katundu kubwerera kumudzi. Fulati inakhala zii. Timapepala tanga pafiriji tinkakhala ndi zolakwa zake sabata yonse, ndipo zinkandiwawa.

Patapita zaka, kumudzi kunachitika chisankho. Masana ake foni inalira ndili pa buleki kuchipatala.

"Iwe! Chala chili bii ndi inki. Kuno ndiye amadziwa kuvotetsa, osati kwanuko."

"Mwachonga bwino?"

"Kamodzi kokha. Anatiphunzitsa kutchalitchi kuti enawo osawakhudza, ukawathetha pepala limawonongeka." Mumtima ndinati lero ndagwidwa. Kenako anati, "Malamulo a kuno ndi ena, eti? Basi, ndavota kawiri tsopano. Ku London ndi kuno."

Ndinayang'ana tiyi wanga yemwe anali atazizira.

"Eya, azakhali," ndinatero. "Kawiri."